MWAYE WA MU INJINI NDIWO MBALA YA MAFUTA ANU

Alimi anzanga, masiku ano injini yafika pamudzi. Kale tinkangoimvera kutali ili kudutsa pa msewu wa Boma, koma lero ili pakhomo pathu. Wina ali ndi njinga yamoto yonyamulira anthu ndi matumba, wina ali ndi pampu ya petulo yothirira kudimba, wina chigayo cha dizilo, ndipo ena anasonkha ndalama pa kalabu nagula kagalimoto kotutira fodya, mtedza ndi tomato ku msika. Zonsezi nzabwino ndithu.

Koma ife alangizi poyendera midzi tili kumva dandaulo limodzi ponseponse, lakuti injini yayamba kudya mafuta ndipo mphamvu ilibe monga kale. Ena aganiza kuti anawagulitsa injini yoipa. Ena aganiza kuti mnyamata woyendetsa ali kuba mafuta, ndipo anyamata ena achotsedwa ntchito popanda mlandu. Kawirikawiri mbala yake si munthu ayi. Mbala ili m'kati mwa injini momwemo, dzina lake ndi mwaye, umene amakaniko autcha kaboni. Lero tikambirane za mbala imeneyi, kumene ichokera, m'mene ibera, ndi m'mene mungaitsekere pakhomo.

Mwaye uchokera kuti?

Amayi adziwa kale nkhani iyi koposa ife abambo. Akasonkha moto ndi nkhuni zouma, mphepo nilowa bwino pakati pa mafuwa, moto uyaka lawilawi, utsi uchepa, ndipo nsima ipsa msanga. Koma nkhuni zikakhala zaziwisi, kapena zikapanikizana osasiya mpata wa mphepo, m'nyumba mudzaza utsi, mphika uda, ndi kudenga kulendewera mwaye. Mtolo wonse wa nkhuni utha, koma madzi osawira.

Injini nayo ndi moto womwewo, kungoti wotsekeredwa m'chitsulo. M'kati mwake muli chitsulo chotchedwa pisitoni, chimene chikwera ndi kutsika m'bowo lake monga munsi mu mtondo. Potsika koyamba chikoka mpweya ndi mafuta, pokwera chiwapanikiza, pamenepo ayaka, ndipo mphamvu ya motowo ichikankhira pansi, pokweranso chitulutsa utsi. Mayendedwe anayi amenewa anawakonza munthu wa ku Germany, Nikolaus Otto, m'chaka cha 1876, ndipo injini zambiri za lero zitsatabe njira yomweyo. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, moto uyaka ka 1,500 pamwamba pa pisitoni iliyonse pa mphindi yomweyo.

Tsono taonani. M'makilogalamu 100 a petulo kapena dizilo, pafupifupi 85 ndi kaboni, ndicho chinthu chakuda chomwe chili m'makala. Kuti kaboni ameneyu apse yense, afuna mpweya wambirimbiri. Kilogalamu imodzi ya petulo ifuna makilogalamu a mpweya pafupifupi 15. Kunena mwa njira ina, lita imodzi ya petulo ifuna mpweya wokwana malita ngati 9,000, ndiwo migolo 45 ya malita 200. Mpweya ukachepa, kapena injini ikakhala yozizira, mafuta ena sapsa onse. Ena atuluka ngati utsi wakuda, ena atsala m'kati namata pa zitsulo, nauma gwa ngati nkhoko za pansi pa mphika. Umenewo ndiwo mwaye wa mu injini. Utsi wakuda mukuuona kumbuyo kwa galimotowo ndi mafuta amene munagula ndi ndalama zanu, koma sanakugwirireni ntchito.

M'mene mwaye ubera mafuta

Mwaye pang'ono upezeka mu injini iliyonse, ndipo sulakwa kanthu. Uvuta ukachuluka m'malo asanu awa.

Poyamba, pa pulagi. Pulagi ndiyo ithetheka moto mu injini ya petulo. Ikakutidwa ndi mwaye, mphamvu ya magetsi ithawira m'mwayemo, moto nuphonya. Nthawi iliyonse moto ukaphonya, mafuta a nthawi imeneyo atayika osapsa.

Kachiwiri, pa nozo, kachitsulo kopemerera mafuta mu injini za dizilo ndi m'magalimoto a makono. Inu alimi a thonje ndi a ndiwo zamasamba mudziwa pampu yopopera mankhwala. Kamwa lake likakhala loyera, mankhwala atuluka ngati nkhungu nakwanira masamba onse; likatsekeka, angodontha malo amodzi, botolo litha, mbozi zili moyo. Nozo ya injini ili ndi tibowo tating'ono koposa pamenepo. Mwaye ukatitseka, mafuta alowa madonthomadontho, ndipo dontho lalikulu silipsa lonse.

Kachitatu, pa mavavu, ndizo zitseko zolowera mpweya ndi zotulukira utsi. Mwaye uchepetsa khomo, injini nibanika monga ng'ombe yomangidwa goli lothina. Ukakhala pa mlomo wa vavu, chitseko sichitsekeka bwino, ndipo mphamvu ipulumukira pomwepo.

Kachinayi, pa maring'i, timphete tachitsulo tozinga pisitoni kuti mpweya usathawe. Mwaye ukatigwira, sititambasukanso. Mphamvu ithawira pansi, oyilo nakwera pamwamba kukapsa, ndipo oyilo wopsayo abala mwaye wina. Apa ndipo injini iyamba kudya zonse ziwiri, mafuta ndi oyilo.

Kachisanu, pamutu pa pisitoni. Mwaye wokhuthala usunga kutentha nunyeka ngati khala la moto, kotero uyatsa petulo nthawi yake isanakwane. Mudzamva injini ili kugogoda ngati timiyala m'chitini pokwera chitunda, ndipo injini zina zakale zipitirira kulira ngakhale mwazimitsa. M'magalimoto a makono muli kompyuta imene imva kugogodako nichedwetsa moto kuti injini isaonongeke. Koma pakutero mphamvu ichepa, woyendetsa aponda kwambiri, ndi mafuta napita.

Zizindikiro zimene mungaone nokha

Yang'anani utsi. Wakuda unena kuti mafuta achuluka kapena mpweya wachepa. Wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oyilo, unena kuti oyilo ali kupsa. Woyera pang'ono m'mamawa nthawi ya chisanu si vuto. Koma woyera wosaleka injini itatentha kale ukhoza kutanthauza kuti madzi ali kulowa m'kati, kapena kuti dizilo sali kuyaka bwino, ndipo pamenepo pitani kwa makaniko msanga.

Masulani pulagi injini itazizira, muione kumutu. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda, youma, yodetsa chala, petulo achuluka koposa mpweya. Ikakhala yakuda yonyowa ndi oyilo, maring'i kapena mavavu atha. Ikakhala yoyera mbuu, petulo achepa ndipo injini ili kutentha mopitirira. Zizindikiro zina ndi kuvuta kulira m'mawa, kunjenjemera itaima, ndi kulephera chitunda chimene kale inkakwera mosavuta.

Tiitana tokha mbalayi

Mwa zinthu zobala mwaye, choyamba kuno kwathu ndi fumbi. Kuyambira mwezi wa August kufikira mvula itagwa, misewu ya kumidzi ndi fumbi lokhalokha, ndipo m'nyumba ya chigayo ufa ndi gaga ziuluka chaka chonse. Injini ili ndi sefa ya mpweya yogwira fumbilo. Sefayo ikatsekeka, migolo 45 ija siikwana. Ena akaona chotero angochotsa sefa nataya. Kumeneko ndiko kuipha injini, pakuti fumbi ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa lipala maring'i monga mwala wonolera. Dziwani kuti m'galimoto ya makono ya petulo kompyuta ichepetsa yokha mafuta mpweya ukachepa, kotero sefa yotsekeka ilanda mphamvu koposa mafuta. Koma pa njinga yamoto ya kabuleta, pa pampu ndi pa chigayo, ilanda zonse.

Chachiwiri ndi mafuta oipa. Mafuta athu achokera kutali, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo akasowa, monga zinachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012 ndiponso 2022, ambiri athamangira a m'zigubu a m'mbali mwa msewu. Ena mwa amenewo athiridwa palafini, ena ali ndi madzi ndi zitsotso. Palafini sapsa bwino mu injini ya petulo, agogodetsa injini nasiya mwaye. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kumbukiraninso kuti kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi asakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, woyamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol ayaka bwino, koma akoka chinyezi. Petulo wosiyidwa mu thanki ya pampu dzinja lonse aonongeka, nasiya utomoni wotseka tinjira ta mu kabuleta.

Chachitatu ndi injini yozizira. Injini ya galimoto inapangidwa kuti madzi ake atenthe kufika madigiri 80 kapena 90. Muli kachitsulo kotchedwa thermostat, kamene katseka njira ya madzi kufikira injini itatentha. Amakaniko ena akachotsa, nati dziko lathu nlotentha kale. Musalole. Popanda kachitsuloko injini ichedwa kutentha, ndipo nthawi yonseyo ili kumwa mafuta owonjezera. Galimoto ikamawira madzi, funani chifukwa chake chenicheni, kapena redieta yatsekeka, kapena lamba wamasuka, kapena thermostat yafa nifuna ina.

Chimodzimodzi kuliza injini nthawi yaitali popanda ntchito. Woyendetsa minibasi alindira anthu ola lathunthu injini ili kulira. Mwini chigayo asiya dizilo ali kupsa podikira mayi mmodzi ali kubwera kutsidya la dambo. Injini ya dizilo yopanda katundu siitentha mokwanira, ndipo pa paipi ya utsi payamba kuchucha zakuda zonata. Pa njinga yamoto ndi pa pampu pali kachitsulo kotchedwa choke, kotseka mpweya poliza m'mawa. Injini ikangolira bwino, katseguleni. Kukaiwala ndiko kuphika ndi nkhuni zaziwisi tsiku lonse.

Chachinayi ndi katundu wopitirira muyeso. Lole ya matani 3 yosenza matani 5 pa chikweza cha Golomoti ifuka utsi wakuda bii, pakuti woyendetsa aponda mafuta ambiri koma injini ili kuzungulira pang'onopang'ono, yosakoka mpweya wokwanira. Chigayo chothiridwa chimanga chosauma, kapena chochuluka nthawi imodzi, chichita chimodzimodzi.

Chachisanu ndi oyilo. Oyilo wokhalitsa alimba nasanduka phala lakuda logwira maring'i. Oyilo wothira mopitirira mzere akwera kukapsa. Ndipo pali tiinjini tina, monga ta macheka odulira mitengo, ta mapampu opopera mankhwala ndi ta majenereta ang'onoang'ono, timene oyilo athiridwa pamodzi ndi petulo. Pamenepo tsatani muyeso wolembedwa pa makina anuwo. Pakalembedwa 50:1, ndiye mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi. Pakalembedwa 25:1, mamililita 40. Kuthira mongoyerekeza kutseka paipi ya utsi ndi mwaye.

Inu a kumapiri, mverani ichinso. Pamwamba mpweya ndi wopepuka. Ku Dedza, kumene ndi mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, injini ipeza mpweya wochepa ndi magawo pafupifupi 15 mwa 100 poyerekeza ndi ku Nsanje. Injini ya kabuleta siidziwa zimenezo, ithirabe petulo womwewo. Mukaona pulagi ili kuda msanga sefa ili yoyera, uzani makaniko achepetse petulo molingana ndi dera lanu.

Zoyenera kuchita

1. Tsukani sefa ya mpweya. Pa mapampu ang'onoang'ono a petulo, mabuku ambiri anena maola 50 alionse, ndipo pa fumbi kawirikawiri koposa apo. Ya siponji itsukidwa ndi madzi a sopo, niuma, ninyikidwa mu oyilo woyera ndi kufinyidwa. Ya pepala musaitsuke ndi madzi. Igogodeni pang'ono, ndipo ikada kwambiri kapena kubooka gulani ina.

2. Sinthani oyilo pa nthawi yake. Pa pampu yatsopano, atatha maola 20 oyamba, pambuyo pake maola 100 alionse. Pa galimoto ndi njinga yamoto tsatani buku lake, ndipo poti misewu yathu nja fumbi, fulumirani koposa kuchedwa.

3. Gulani mafuta pa malo ovomerezeka. Asungeni m'chigubu choyera, chotsekedwa, pamthunzi, kutali ndi moto ndi ana. Sefani pothira. Ntchito ya kudimba ikatha, khuthulani petulo yense mu thanki ndi mu kabuleta.

4. Injini igwire ntchito itatentha, ndi katundu woyenera. M'mawa mphindi imodzi kapena ziwiri zikwanira, kenaka yambani kuyenda mofatsa. Mukaima nthawi yaitali, zimitsani. Eni zigayo panganani ndi mudzi maola ogayitsa, kuti anthu asonkhane ndi kugayitsa motsatizana. Galimoto yongoyenda timaulendo tatifupi ipatsidwe nthawi zina ulendo wautali pa msewu wabwino, kuti itenthe ndi kupsereza mwaye wofewa.

5. Pokwera chitunda ndi katundu, bwezani giya msanga injini isanayambe kubuula.

6. Nozo musaitokose ndi waya kapena singano, monga tikuletsani pa pampu ya mankhwala. Ipite kwa amene ali ndi makina oyesera.

Mwaye ukakhala utalimba kale

Pamenepo pafunika makaniko wodziwa. Iye amasula mutu wa injini, napala mwaye ndi chida chosakanda chitsulo, nanola mavavu kuti atseke bwino, naika gasiketi yatsopano. Kale ntchito imeneyi inkachitika kawirikawiri, pakuti oyilo anali wosalimba ndipo m'petulo munkathiridwa mtovu, umene unkasiya zotsalira zake. Maiko a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo dziko lotsiriza pa dziko lonse, Algeria, linaleka mu 2021. Kotero injini yosamalidwa bwino lero ikhoza kuyenda zaka osatsegulidwa.

Koma chenjerani pogula galimoto yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan. M'magalimoto ambiri petulo apemereredwa kuseri kwa vavu, kotero atsuka vavuyo podutsa. Kuyambira 1996 kampani ya Mitsubishi inayamba kugulitsa injini zolembedwa GDI, ndi Toyota zolembedwa D-4, m'mene petulo apemereredwa m'kati mwenimweni osadutsa pa vavu. Zoterezi zisunga mafuta zikakhala zoyera, koma mavavu ake alibe chowatsuka, ndipo mwaye uunjikana. Amakaniko a m'maiko ena auchotsa poupemerera makoko ophwanyaphwanya a mtedza wa walnut. Funsani mtundu wa injini musanapereke ndalama za kalabu, pakuti safunsa anadya phula.

Nanga timabotolo togulitsidwa m'masitolo, tothira mu thanki? Tabwino tithandiza kutsuka nozo yoda pang'ono. Koma sitifika pa mavavu a injini ya GDI, sitibwezera ring'i yotha, ndipo sititsegula sefa yotsekeka. Munthu akakuuzani kuti botolo lake lidula mafuta ndi theka, gwirani thumba lanu. Ndiponso musalole wina kuthira madzi m'kamwa mwa injini ili kulira, ati kutsuka mwaye. Madzi sapanikizika, akachuluka pang'ono pokha apinda chitsulo chogwira pisitoni, ndipo injini ithera pomwepo.

Yesani, musangoganiza

Si nthawi zonse mwaye ndiwo wolakwa. Matayala ochepa mpweya, mabuleki ogwira, tcheni chouma, paipi ya mafuta yodontha ndi liwiro lopitirira, zonsezi zidya mafuta. Chifukwa chake khalani ndi kabuku, monga tikuuzani za kulemba matumba a feteleza. Dzazani thanki, lembani nambala ya makilomita. Podzazanso lembani malita ndi makilomita, mugawe. Pa pampu lembani malita ndi maola. Pa chigayo, malita ndi matumba ogayidwa.

Tiyerekeze. Galimoto ya kalabu inkayenda makilomita 12 pa lita, tsopano iyenda 10. Ku msika ndi makilomita 120, kupita ndi kubwera 240. Kale ulendo unkadya malita 20, tsopano 24. Malita 4 aoneka ochepa. Koma maulendo awiri pa sabata, kwa masabata 20 a nyengo ya misika, ndi maulendo 40, ndiwo malita 160. Funsani mtengo wa lita lero, muchulukitse, muone ngati simukanagula nazo feteleza, mbewu ndi kulipira ana sukulu. Sefa, pulagi ndi oyilo sizifika pamenepo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Utsi ndi moyo wanu

Chotsiriza nchoposa ndalama. Moto wopsa moperewera mpweya utulutsa mpweya wina wakupha wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha. Musalize jenereta, njinga yamoto kapena pampu m'nyumba yotseka kapena pansi m'chitsime. Anthu afa ali m'tulo chifukwa cha ichi. Ndipo m'chaka cha 2012 akatswiri a bungwe la World Health Organization anagamula kuti utsi wa dizilo uyambitsa khansa ya m'mapapo. Eni zigayo, tulutsani paipi ya utsi kunja kwa khoma, iloze m'mwamba, kutali ndi pamene amayi akhala ndi ana kumbuyo podikira ufa.

Tsono, alimi anzanga, sabata ino masulani sefa ya mpweya muione, masulani pulagi muione, ndipo yambani kabuku ka mafuta. Mlimi wanzeru sadikira kuti ng'ombe igwe pansi asanaichotse nkhupakupa. Inu odziwa kuwerenga, awerengereni anzanu nkhaniyi pa bwalo ndi pa msonkhano wa kalabu, makamaka anyamata oyendetsa, ndipo chimene sichinamveke mukafunse mlangizi wa dera lanu.